Mkono wa Arsenio

Chonde, 16 Epulo 2023

Mlongo wanga Arsenio,

Moni kuchokera kuno kumudzi. Uli bwanji ku Amerekako? Ife tilipo. Amayi mwendo uja wasiya kutupa, abambo akukhosomolabe m'mawa koma akuyenda. Khoma la khitchini limene linagwa ndi mvula ya Freddy talidzutsa, kwatsala kufolera. Kalata zako ndimakazisindikiza pashopu ya Robson, chifukwa abambo amati nkhani ya pafoni sangaigwire m'manja. Choncho uzilembabe papepala n'kujambula, monga ndikuchitira ine.

Lachisanu ndinaupeza mndandanda uja unandiuza, wa anyamata makumi atatu amene timu yanu ikuyembekezera kuti tsiku lina adzasewera bezibolo, masewero anu oponya ndi kumenya mpira aja, mu ligi yaikulu. Dzina lako lilipo, nambala 27. Ndinaliwerenga katatu ndili m'kalasi, mpaka ana anga a Sitandade 6 kundifunsa ngati kwagwa zovuta. Alemba kuti ndiwe wa ku Malawi, wa zaka 21, woponya ndi mkono wamanja, liwiro lilipo koma mpira sukumvera nthawi zonse. Ndagula kope loti ndizilembamo manambala ako masewero aliwonse.

Kunyumba ndiye sizinayende bwino. Amalume a Kingstone anali atabwera kuchokera ku Muloza. Nditawawerengera anaseka, amvekere, "Nambala 27 pa ana 30? Kusukulu kwako, Rosaria, mwana wotere simumubwereza kalasi?" Kenako Robson anawauza abambo kuti matimu ang'onoang'ono ngati yako kumeneko amawatchula kuti famu. Abambo atamva mawu akuti famu anangonyamuka kukakhala kuseri kwa nyumba. Ukudziwa kuti anathyola tiyi pa esiteti zaka 31. Madzulo anandifunsa kuti, "Ndiye kuti mwana uja anawoloka nyanja kukalima munda wa mzungu?"

Yankha msanga, ufotokoze bwinobwino.

Mlongo wako,
Rosaria

Carolina, 23 Epulo 2023

Achemwali a Rosaria,

Ndathokoza kalata yanu. Ine ndili bwino, kaya inu ndi makolo? Amayi muwauze kuti ndikudya.

Abambo muwauze kuti khasu sindinaligwire chichokereni kwathu. Famu ndi dzina chabe. Amatisunga kuno ngati mbande za tiyi ku nazale, kenako asankhe zoti akawokere. Makwerero ndi asanu munthu asanafike ligi yaikulu. Chaka chatha ndinali pa loyamba ku Florida, pano ndili pa lachiwiri.

Za nambala 27, amalume muwauze kuti kalasi imeneyi ili ndi anyamata pafupifupi mazana awiri. Ambiri anayamba kuponya ali ndi zaka zisanu, bambo awo atawagulira gulovu yowakhira mpira. Ine mpira umenewu ndinaugwira koyamba ndili Fomu 2, pamene mphunzitsi wachilendo uja anabwera ndi chikwama cha mipira pasukulu yathu. Zaka ziwiri za ku Cape Town ndinkaponya Loweruka lokha, sabata yonse ndikutsuka magalimoto. Onse amene ali pambuyo pangawo ndawadutsa ndi mkono wa ku Chonde.

Ntchito yanga ndi imodzi: kuponya mpira kuti amene waima ndi chibonga alephere kuumenya. Akaphonya katatu, watuluka. Lachitatu ndinatulutsa asanu ndi awiri, ndipo makina anayeza kuti mpira wanga unathamanga mamailosi 94 pa ola. M'kope lanulo muzilemba zitatu: amene ndatulutsa, amene ndawapatsa ulere chifukwa choponya pambali, ndi liwiro.

Moyo si wa m'mafilimu ayi. Timagona anayi m'chipinda, ulendo wa basi umatha maola asanu ndi atatu. Mnzanga ndi Felix wa ku Venezuela, amene amawakha mipira yanga. Chizungu sachidziwa, koma Chipwitikizi chija tinkatola kwa agogo chikugwira ntchito, timamvana pang'onopang'ono.

Ndine,
Arsenio

Muloza, 14 Meyi 2023

Mphwanga Arsenio,

Ndikhulupirira uli moyo. Ine ndili bwino, bizinesi ya njinga zamoto ikuyenda ngakhale mafuta akuvuta.

Sindizungulira. Ndine mwini mbumba, ndipo zimene anthu amalankhula za iwe zimafika kwa ine. Chaka chachiwiri chino uli ku Amereka, koma mayi ako, mlongo wanga Isabel, akuphikira pa khitchini yopanda denga. Madzi atalowa m'nyumba mu Malichi, ine ndinayenda wapansi m'matope kukawatulutsa makolo ako. Iwe unali ukuponya kampira. Mwana wa a Hopewell anapita ku Joni chaka chatha chomwechi, watumiza kale malata.

Ndafufuza. Akuti pa anyamata khumi a m'matimu anuwo, mmodzi yekha ndiye amafika pamwamba. Ena onse amabwezedwa kwawo atakalamba opanda luso lililonse. Ndili ndi njinga zitatu pa boda, ndikufuna munthu wa magazi anga woyang'anira anyamata. Bwera usanathe zaka. Masewero a ana asiyire ana.

Malume wako,
Kingstone

Carolina, 28 Meyi 2023

Amalume,

Ndalandira kalata yanu ndi manja awiri. Muwapatse moni azakhali ndi ana.

Zoti munawatulutsa makolo anga m'madzi sindidzaiwala. Sabata imeneyo mafoni sankagwira, ndinkaponya masana osadziwa ngati amayi ali moyo. Zimene ndimapeza kuno ndi zochepa, koma za malata a khitchini ndawatumizira achemwali dzulo.

Kubwera ndiye sindibwera. Mwanena zoona kuti pa khumi amafika mmodzi. Koma pamene ndinkachoka ku Chonde munati sindikafika ndi ku Mwanza komwe. Nditafika ku Cape Town munati azungu a ku Amereka sangayang'ane mwana wa wothyola tiyi. Anandiyang'ana. Mmodzi pa khumi uja amakhala mwana wa munthu wina, ndipo sindikuona chifukwa choti asakhale wa mlongo wanu.

Njingazo mupatse wina. Mundikhululukire ngati ndalankhula mopyola msinkhu wanga.

Mphwanu,
Arsenio

Chonde, 25 Juni 2023

Mlongo wanga,

Moni. Kuno kwazizira, phiri silikuoneka masiku atatu.

Mndandanda watsopano watuluka, uli nambala 19, ndipo ndaona kuti akukweza pa khwerero lachitatu. Abambo anandiuza kuti ndiwerenge kawiri, kenako anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kumsika popanda chogula. M'kope mwanga masewero asanu omalizawa watulutsa 34, aulere 9 okha. Liwiro lafika 96. M'mawa uliwonse ndisanakolezere moto ndimayamba ndayang'ana foni, chifukwa inu mumasewera ife tili mtulo.

Koma pali chimene sindikumvetsa. Lachiwiri lapitali unaponya kwa anthu atatu okha n'kuchoka. Liwiro alemba 89. Kodi makina anawonongeka? Kapena kochi anangofuna kukupumitsa? Ndiuze.

Rosaria

Chonde, 20 Ogasiti 2023

Arsenio,

Kalata yachinayi ino osayankhidwa. Foni ndikaimba imangolira. Sindikufunsanso za moyo wako chifukwa ukanafuna ukanatiuza.

Dzina lako lili pamndandanda, koma manambala anaima pa 20 Juni. Masabata asanu ndi atatu kope langa lili mbee. Pafupi ndi dzina lako aika timalemba tiwiri timene sindikutimvetsa, ndipo Robson akuti mwina ndi chizindikiro choti wasamukira ku timu ina yolemera. Kumsika nkhani zachuluka. Ena akuti unakwatira mzungu ndipo wakuletsa kulankhula ndi abale ako. Ena akuti uli m'ndende. Amalume akuti ndi mmene amachitira anthu akayamba kukwera, amayamba achita manyazi ndi kwawo.

Ine ndakhala ndikukangana ndi aliyense chifukwa cha iwe. Mayi wina wogulitsa nanazi ndinamuyankha mpaka anthu kusonkhana, ine mphunzitsi wathunthu. Koma ndikabwerera kunyumba n'kuona amayi akuyang'ana foni yanga ngati ilankhula, ndimayamba kuganiza kuti mwina amalume akunena zoona. Ngati nambala 19 yakukuza mutu chotere, ukadzafika 1 udzatidziwa?

Sindilembanso mpaka uyankhe.

Rosaria

Florida, 3 Sepitembala 2023

Achemwali,

Pepani zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Sindinakwatire, sindili m'ndende. Tsiku lija munafunsa la anthu atatu, ndikuponya ndinamva chinthu chikuduka m'chigongono ngati chingwe cha nsapato. Ndinaponyabe kawiri, wachiwiriwo unagwera pansi usanafike kwa womenya. Timalemba tiwiri tija timatanthauza ovulala. Mu Julayi anandichita opaleshoni. Anachotsa mtsempha pa mkono womwewu chakumunsi n'kukausokerera m'chigongono. Dokotala akuti chaka chathunthu ndisanaponyenso pa masewero, mwina kupitirira.

Mafoni anu ndinkawaona. Kalata zonse zinayi ndinawerenga. Ndinkati ndiyambe ndamva kuti mkono uchira ndiye ndilankhule, chifukwa ndinadziwa kuti nkhaniyi ikafika ku Muloza amalume anena kuti, "Ndinanena ine." Sindinaganize za amayi. Pamenepo ndinalakwa.

Anyamata ambiri amachira opaleshoni imeneyi, ena amabwerako akuponya kuposa kale. Pano ntchito yanga ndi kufinya kampira ka labala ndi kuwongola mkono pang'onopang'ono mpaka misozi. Sindinathe ayi. Makolo muwauze, koma amalume asamve.

Arsenio

Chonde, 10 Sepitembala 2023

Mlongo wanga,

Undikhululukire mawu aja. Ndinalira nditaona zilembo zako. Amayi akuti usanyamule chilichonse, ngakhale kapu. Abambo anafunsa funso limodzi lokha: ngati akukusungabe pa ntchito pamene ukudwala. Nditati inde anati, "Ndiye ndi anthu."

Amalume ndawauza ndekha. Sindibisa bala ngati kuti ndi umbava. Ananena zimene unkaopazo, mawu ake omwewo. Ine ndinawayankha kuti munthu savulala mkono atakhala pansi pa mtengo kudikira makasitomala. Anakwera njinga yawo n'kumapita.

Kope sindilitseka. Uzinditumizira zimene ukuchita sabata iliyonse, ngakhale kufinya kampirako, ndizilemba.

Rosaria

Chonde, 7 Epulo 2024

Mlongo wanga,

Moni. Chimanga chaka chino chapsa ndi dzuwa, tikudalira chinangwa ndi nandolo. Mkono ukuti bwanji? Ndalemba kuti wayamba kuponya mamita 30 popanda ululu.

Mndandanda wa chaka chino watuluka ndipo dzina lako mulibe. Ndinaufufuza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pamalo pako pali kamnyamata ka zaka 18 koponya 98. Ndinakwiya ngati kandibera. Mnzako Felix ali nambala 12, umuuze kuti ku Chonde kuli munthu amene akumulemba m'kope.

Abambo sindinawauze za mndandandawu. Usandifunse chifukwa chake, ine ndemwe ndinkadzitama kuti sindibisa kanthu.

Rosaria

Florida, 1 Sepitembala 2024

Achemwali,

Muli bwanji? Khalani pansi musanapitirize.

Ndinabwerera pa masewero mwezi wathawu, monga munaonera. Katatu konse liwiro silinapyole 88. Mkono sukupweteka, koma mpira ukufika ngati watopa panjira, ndipo ana a zaka 18 akuumenya mmene akufunira. Lachinayi m'mawa ndikumanga nsapato anandiitanira ku ofesi. Munali akuluakulu awiri ndi pepala patebulo. Anati ndine mnyamata wakhalidwe, wolimbikira kuposa onse, koma malo anga akufunika. Ndinawapempha miyezi itatu yokha. Ndinawauza kuti dokotala wawo yemwe ananena kuti liwiro limabwerera mochedwa. Wamkuluyo anati, "Mwina libwerera, koma osati kuno." Zonse zinatha mphindi zisanu. Potuluka ndinapeza katundu wanga atamuika kale m'chikwama.

Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chimathera pamodzi ndi ntchito. Andigulira tikiti ya pa 12, yodzera ku Joni kukatera ku Chileka.

Tsono mundithandize. Ine ku Chileka sindifika. Nditsikira ku Joni, ndikapeza kotsuka magalimoto, ndizikaponya pakhoma mpaka mkono udzuke. Anthu muziwauza kuti ndikadali ku Amereka. Sindingatsike minibasi pa Chonde ndi chikwama chimodzi, Robson ndi anzake akuyang'ana, amalume atapinda manja. Kulephera ndavomera, koma kusekedwa ayi. Kalata iyi musaisindikize.

Arsenio

Chonde, 4 Sepitembala 2024

Mwana wanga Arsenio,

Ndine bambo ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Rosaria anakana kubisa. Watiwerengera yonse pafoni.

Ndikuuza chinthu chimene ngakhale mlongo wako sachidziwa. Msana utandivuta, kapitawo anandiuza pa sikelo yoyezera tiyi, anzanga onse ali pamzere, kuti mawa ndisabwere. Zaka 31. Ndinachita manyazi kuwauza amayi ako. Masabata awiri ndinkadzuka m'mawa, kutenga kamba, kutsanzika ngati ndikupita kukathyola tiyi, n'kukakhala pamwala kumtsinje mpaka dzuwa kupendeka. Amene anandipeza ndi azimayi ochapa. Kuchotsedwa ntchito sikundipweteka lero, msana unatha pogwira ntchito ndipo aliyense amadziwa. Chimene chimandipweteka mpaka pano ndi mwala uja.

Iwe sunabe. Sunamenye munthu. Mkono unaduka uli pa ntchito. Amene akufuna kuseka ayambe watiuza kumene iye anafika.

Ukwere ndege mpaka ku Chileka. Ukwere minibasi ku Limbe. Usatsikire panjira kuti udzere kuminda. Utsike pa Chonde penipeni, masana, utavala malaya a timu yako aja ali ndi dzina lathu kumsana. Ine ndidzaima pa siteji. Chikwama ndidzanyamula ine.

Ukapuma, ukadya, ukafuna kupita ku Joni kapena kwina kukaponya, upite. Koma udzatuluke pakhomo pano tikukuperekeza.

Bambo ako,
Antonio

Muloza, 19 Januwale 2025

Mphwanga Arsenio,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town ndipo timu yako yakale ikukusamala. Kuno mvula ikugwa, makolo ako ndinawaona Lamlungu, ali bwino. Alamu anga a Antonio mpaka lero akusimbabe za tsiku lija unatsika pa Chonde, mmene anasenzera chikwama chako kudutsa msika wonse ndi msana wawo womwe uja, kukana ndi njinga yomwe. Ine ndinaima patali, unandiona.

Chala changa chija chachira, koma sichipindika bwino. Azakhali ako akuti ndi malipiro a makani. Ukudziwa kuti ndinabwera pa bwalo la sukulu tsiku lija unkaponya mpira pamenepo, kudzakuonetsa pamaso pa anthu kuti zimenezi ndi za ana. Ndinavala gulovu ndekha, palibe anandikakamiza. Mpira woyamba umene unandiponyera sindinauone, ndinangomva mphepo pakhutu ndi phokoso pa thumba la mchenga kumbuyo kwanga. Wachiwiri ndiye unandithyola chalachi. Rosaria akuti umenewo unali wa munthu wodwala, wa 88. Ndakhala ndikuganiza kuti wa 96 unkaoneka bwanji.

Usaganize kuti ndasintha maganizo. Ndimanenabe kuti munthu wa zaka 23 amafunika ntchito yodziwika. Koma kunena zimenezi ndi udindo wanga, osati wa aliyense wodutsa mumsewu. Lachiwiri wosintha ndalama wina pa boda pano ananena pagulu kuti mphwanga uja Amereka inamulavula. Ndinamuonetsa chalachi. Ndinamuuza kuti ukadzabwera adzaime iye kutsogolo kwako, gulovu ndimubwereka ine. Mpaka lero akandiona amayang'ana ku Milange.

Rosaria amanditumizira manambala ako Lolemba lililonse, ndinamuuza ndine. Ndaona kuti Loweruka unatulutsa asanu ndi mmodzi ndipo unafika 91. Koma aulere anayi achuluka, uchepetse. Akutinso mu Malichi kubwera munthu wa timu ya ku Ulaya kudzaona anyamata kumeneko. Usamuope, ndipo usamupemphe ngati mmene unawapemphera a ku Amereka aja. Angoona yekha.

Chinthu chimodzi. Pa boda ponse pano ndawauza kale kuti wabwerera pa 94. Ndinalankhula ndili wokwiya ndipo sindingakabweze. Kwatsala atatu. Fulumira, usandisandutse wabodza.

Malume wako,
Kingstone